Musanagule njinga yamoto yakale: uphungu kwa mabanja a ku Tsangano ndi ku Macanga

Mbatata ya kachewere ikagulitsidwa, fodya akakwera pa sikelo, nyemba ndi soya zikachoka m'nyumba, m'makomo ambiri a ku Tsangano ndi ku Macanga mumayamba nkhani ya mota. Ndi nkhani yoyenera. Kuno mitunda ndi italiitali, magalimoto onyamula anthu safika m'midzi yambiri, ndipo banja limene lili ndi njinga yamoto limafikitsa wodwala kuchipatala usiku, limakagula feteleza tsiku lomwe wafika, limakamva mitengo ya ku Lizulu kapena ku Tsangano Turn-off lisanagulitse mbewu zake kwa mavenda. Yatsopano si aliyense angaikwanitse, n'chifukwa chake ambiri timagula yoti wina anayamba wakwerapo.

Masiku ano pakati pa njinga zogulitsazi pakupezekanso zija zothamanga, zokutidwa ndi mapulasitiki owala, zimene wokwera amachita kugonera pa thanki. Zina amabwera nazo ana athu ogwira ntchito ku Joni, zina zimachokera mumzinda wa Tete, ku Beira kapena ku Malawi. Mtengo wake nthawi zina umadabwitsa, chifukwa njinga yaikulu chonchi amaitchula mtengo woyandikana ndi wa njinga yaing'ono yatsopano. Chifukwa chake sichisowa. Njingayo yakalamba, yayenda mtunda wautali, ndipo mwini wake waona kuti nthawi yoti ayambe kuilowetsa ndalama yakwana.

Kabuku kano talembera banja lonse, osati mnyamata yekha amene adzakwere, pakuti ndalama yogulira njinga ndi thukuta la onse amene analima. Uphungu wathu waukulu ndi woti mugule njinga imene mapepala ake angalembedwe m'dzina lanu, imenenso makaniko wa kufupi ndi kwanu angaikonze ndi masipeya opezeka ku Ulónguè kapena ku Tete. Kuwala kwa penti, kulira kwa ekizozi ndi nambala ya makilomita zibwere pambuyo.

Njingayo idzagwira ntchito yanji?

Bambo ndi mayi, pamodzi ndi mwana amene akuifuna njingayo, akhale pansi madzulo n'kutchula maulendo amene banja limayenda pa mwezi: kuchigayo, kumsika, kudimba, kusikelo ya ana, kumaliro, ku boma. Ndi angati mwa maulendo amenewa ali a pa phula? Ndi angati amafuna kunyamula thumba la makilogalamu 50, kapena mayi ali ndi mwana kumsana?

Njinga zothamanga zikuluzikulu, monga Suzuki GSX-R750 imene inatuluka mu 1985, Honda CBR600 ya mu 1987 ndi Yamaha R6 ya mu 1999, anazipangira phula losalala. Pa phula ndi njinga zabwino kwambiri, ndipo injini zake zikasamalidwa zimakhalitsa. Koma mimba yake ili pafupi ndi nthaka, masentimita 13 kapena 14 basi, pamene Yamaha DT125 kapena Honda XL125, zija amakwera alangizi a zaulimi, zimasiya mpata wa masentimita pafupifupi 25. M'njira za kumidzi, mmene mvula ya January imakumba ngalande n'kusiya miyala poyera, choyamba kugunda pansi ndi mapaipi a ekizozi odutsa kunsi kwa injini, kenako mapulasitiki. Matayala ake ndi otakata, a mizere yosazama, ndipo pa katondo wonyowa amangoterereka. Mpando wakumbuyo ndi waung'ono ndi wokwezeka, woti mayi wovala chitenje sangakhalepo bwino, ndipo palibe kaliyala yomangapo katundu. Njingayo imalemera makilogalamu pafupifupi 200, pamene ya injini ya 125cc imalemera 120 kapena kucheperapo. Ikagwa m'matope munthu mmodzi amavutika kuidzutsa.

Kudya kwakenso n'kwina. Pa ulendo wa makilomita 100, njinga ya 125 imamwa petulo wokwana malita 3 kapena kucheperapo, koma ya 600 imamwa pafupifupi malita 6. Posintha oyilo, yaing'ono imafuna lita imodzi, yaikulu malita 3 kapena kuposerapo ndi sefa yake yomwe. Mapulagi a yaikuluyo ndi anayi. Tayala lake lakumbuyo kawirikawiri silifika makilomita 10,000, ndipo la saizi imeneyo ndi lovuta kulipeza m'misika ya kuno.

Kunena mosabisa, mabanja ambiri a kuno njinga yotereyi siiwayenera, ngakhale aitsitse mtengo chotani. Alipo amene ingawathandize: munthu wokhala m'mbali mwa msewu wa phula wochokera ku Mussacama kudzera ku Ulónguè mpaka ku chipata cha Calómuè, amene maulendo ake ndi aatali opita ku Tete, ndipo katundu wake amayenda pa ngolo kapena pa galimoto. Ameneyo awerenge zotsatirazi mosamala kuposa wina aliyense.

Palinso njinga zooneka ngati zothamanga koma za injini yaing'ono ya pisitoni imodzi, kuyambira 125 mpaka 250, monga Honda CBR125, Yamaha R15, Bajaj Pulsar, TVS Apache ndi zambiri za ku China. Izi zili pakatikati. Zambiri za ku China injini yake anatengera ya Honda CG125, imene inatuluka mu 1975 ndipo anaipanga dala kuti ipirire m'maiko mmene anthu amachedwa kusintha oyilo. Injini yotereyi amakaniko a ku Ntengo wa Mbalame ndi a ku Chidzolomondo amaidziwa bwino. Choncho pa njinga iliyonse yovala mapulasitiki, werameni muone injini imene ili kunsi kwake, pakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nambala ya makilomita

Wogulitsa aliyense amayamba ndi kukuonetsani mita. Musaikhulupirire kwambiri. Pa njinga zambiri zakale mita imayendetsedwa ndi kawaya kochokera ku tayala lakutsogolo, ndipo kakaduka njinga imayenda chaka chonse nambala itaima. Mita ya manambala asanu ikafika 99,999 imabwerera pa ziro. Ena amangochotsa mita ya njinga ina n'kumanga pa iyi. Komanso kuno chimene chimakalambitsa njinga kwambiri ndi fumbi ndi katundu. Injini yaikulu imene yayenda makilomita 70,000 pa phula ikusinthidwa oyilo pa nthawi yake ingakhale yamoyo kuposa yaing'ono imene yayenda 20,000 ikusenza matumba atatu a mbatata, sefa ya mpweya ili yong'ambika.

Ukalamba weniweni umaoneka pamene munthu amagwira ndi kuponda. Yang'anani mphira wa popondera, wa pa chosinthira magiya ndi wa pogwirira. Yesani kiyi ngati akugwedera m'bowo mwake. Pititsani chala pa disiki ya buleki kuchokera pakati kupita m'mphepete. Mukamva mlomo wokwera kumapeto ndiye kuti chitsulocho chadyeka kwa zaka zambiri. Mita ikamanena 12,000 pamene mphira wa popondera watha mpaka pa chitsulo, mita ikunama. Mitu ya mabauti a injini ikakhala yotafunika, kapena mukaona silikoni atatuluka m'mbali mwa zivundikiro, injiniyo inatsegulidwapo. Chimenecho si cholakwa pachokha, koma mudziwe amene anaitsegula ndi chimene anasintha.

Funsani mofatsa, mwaulemu. "Achimwene, njingayi mwakhala nayo zaka zingati, nanga munaigula kwa yani?" "Oyilo mumathira wanji, ndipo mumasintha ikayenda mtunda wotani?" "Mukuigulitsiranji?" Munthu amene wakhala akuisamalira amayankha osayang'ana kumwamba, ndipo amakuuzani ndi dzina la makaniko wake. Amene angoti, "Iyi ndi yabwinobwino, akulu, ingothirani petulo muzipita," sanakuyankheni. Pa njinga za mapisitoni anayi funsaninso za mavalavu. Amayenera kuyezedwa pakatha makilomita 24,000 pa mitundu ina, pa ina cha m'ma 40,000, ndipo ntchitoyo imafuna tizitsulo toonda ta miyeso yosiyanasiyana, motero eni ambiri amaizemba. Mwini akapanda kudziwa za nkhaniyi, werengerani kuti ntchitoyo ikudikira inu.

Mapepala

Apa mpamene anthu ambiri ataya ndalama zawo zonse, kuposa pa injini yowonongeka. Injini imakonzeka, koma njinga yakuba kapena yolowa m'dziko mozemba apolisi akailanda simuionanso, ndipo mwina mugona nayo m'chitokosi. Ife tili m'malire. Cha ku Biriwiri ndi ku Lizulu msewu waukulu wa Malawi umayenda ndi malire enieniwo, njira zachidule ndi zosawerengeka, ndipo njinga yobedwa ku Ntcheu kapena ku Dedza usiku ingakhale ili pa msika wa kuno kukamacha. Zobedwa kuno nazo zimaolokera uko.

Njinga yolembedwa ku Mozambique imakhala ndi livrete, mmene mumalembedwa nambala ya njingayo, mtundu wake, nambala ya felemu ndi ya injini, ndiponso título de registo de propriedade, chikalata chimene chimatchula mwini wake. Pemphani zonse ziwiri, zenizeni osati mafotokope. Kenako gwadani pa njingayo ndi kansanza ndi tochi. Nambala ya felemu amaidinda pa khosi, pamene chiwongolero chimalowa mu felemu, ndipo pa njinga zambiri imakhala ya zilembo ndi manambala 17. Ya injini imakhala pa thupi la injini, kawirikawiri cham'munsi. Wina awerenge mokweza za pa chitsulo, wina azitsatira ndi chala pa pepala, chimodzichimodzi. Zilembo za kufakitale zimakhala zofanana kukula ndi kuzama, pa mzere umodzi. Mukaona pamalopo papalidwa, papakidwa penti yatsopano pokhapo, pawotcheredwa kachitsulo, kapena zilembo zina zili zopendama, nyamukani muzipita, ndipo musabwererenso ngakhale akuimbireni kuti atsitsa mtengo.

Dzina la pa título lifanane ndi la pa Bilhete de Identidade ya amene akugulitsayo. Kawirikawiri simufanana, chifukwa njinga yadutsa m'manja atatu kapena anayi osasintha dzina. Zikatero wogulitsa abwere ndi mwini wa dzinalo, kapena aonetse makalata onse ogulitsirana kuchokera kwa iyeyo mpaka kwa iye mwini. Njinga ya malemu isagulidwe kwa mwana mmodzi kapena kwa malume okha popanda amasiye ndi abale kugwirizana pamaso pa mfumu, chifukwa milandu ya chuma cha masiye imabuka patapita ngakhale zaka. Njinga imene inali ya bungwe, ya kampani kapena ya boma ikhale ndi kalata yosonyeza kuti eni akewo anaigulitsa. Funsaninso m'mudzi mwa wogulitsayo ngati njingayo sinaikidwe chikole pa ngongole.

Ya nambala ya ku Malawi kapena ya ku South Africa ili ndi nkhani ina. Blue book ya ku Malawi kapena mapepala a ku Joni amangosonyeza kuti njingayo inalembedwa kumeneko. Kuti ikhale yanu kuno, iyenera kudutsa ku Alfândega, ofesi ya kasitomu, msonkho ulipiridwe, kenako ipatsidwe nambala ya Mozambique ku INATRO, ofesi yoona za magalimoto. Yochokera ku South Africa ikhalenso ndi chikalata cha apolisi a kumeneko chosonyeza kuti si yakuba. Wogulitsa akati, "Mapepala a kasitomu mukakonza nokha, ndi zosavuta," mufunseni chifukwa chimene iye sanakonzere. Pitani nokha ku ofesi ya Alfândega mukamve kuti msonkho ndi ndalama zingati musanagwirizane mtengo, pakuti pa njinga yaikulu msonkhowo ungathetse kutchipa konse kumene kunakukopani.

Musachite manyazi kupempha wogulitsa kuti mupitire limodzi ku polisi ya pa boma, ku Tsangano kapena ku Furancungo, akaone manambala a njingayo. Wachilungamo amavomera. Amene ayamba kupsa mtima n'kumati mukumuyesa wakuba wakupulumutsani.

Tsiku lokaona njinga

Pitani m'mawa, kukuwala, ndi makaniko wanu amene mwamulipira inu, osati mnzake wa wogulitsa. Muuzeni wogulitsayo dzulo lake kuti asailize. Mukafika, khudzani injini ndi kuseri kwa dzanja. Ikakhala yofunda ndiye kuti ailiza kale, ndipo injini yotopa ikafunda imabisa zambiri. Khalani pansi muchezerane mpaka izizire. Izi n'zofunika kwambiri kwa ife a kumapiri. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, kotentha, pamene Tsangano ali pamwamba pa mamita oposa 1,000, malo ena oposa 1,500. Njinga imene imalira msanga ku Tete ingakuvuteni m'mawa wa June kuno, ndipo ya kabureta yochokera kunsi nthawi zina imafuna kuchunidwanso chifukwa mpweya wa kumapiri ndi wopepuka.

Isanalire, onani oyilo. Wakuda ndi wosinthitsa chabe. Wotuwa, wooneka ngati mwalowa mkaka, akusonyeza kuti madzi akusakanikirana naye, ndipo pa njinga ya radiyeta limenelo ndi vuto lalikulu. Pakani kadontho pa chala muyang'ane padzuwa; tinthu tonyezimira ndi zitsulo za m'kati mwa injini zimene zikudyeka. Oyilo wolimba kwambiri, wonanda, ena amathira dala kuti atseke phokoso. Tsegulani radiyeta injini ikadali yozizira, osati yotentha chifukwa madziwo amawotcha nkhope, muone ngati madzi ali odzaza, opanda dzimbiri ndi mafuta oyandama. Unikani m'thanki ndi tochi. Dzimbiri la m'thanki limatseka kabureta mobwerezabwereza, ndipo pa njinga za fuel injection limapha pampu ya petulo.

Tsopano ailize, inu mutaima kumbuyo. Utsi woyera wopyapyala m'mawa wozizira ndi nthunzi chabe, umatha posachedwa. Utsi wobiriwira ngati mtambo, wonunkha oyilo, ukutanthauza kuti maring'i kapena masilo a mavalavu atha. Woyera wochuluka wosatha ndi madzi a radiyeta amene akulowa mu injini. Wakuda ndi petulo wochuluka, ndipo kawirikawiri umakonzeka mosavuta. Njinga za two-stroke monga DT125 ndi AG100 zimatulutsa utsi pang'ono mwachibadwa chifukwa zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, koma pa zimenezi onetsetsani kuti pampu ya oyiloyo ikugwira ntchito.

Mvetserani. Kaphokoso kopepuka ka "tiki-tiki" kumutu kwa injini ndi mavalavu, sikoopsa. Kuwayawaya kwa m'mbali mwa injini ndi tcheni cha m'kati kapena chokungira chake, ndipo pa ma Honda akale chokungiracho chimadziwika kuti chimatopa. Kugogoda kolemera kochokera pansi, kumene kumakula mukaonjezera moto, ndi mabering'i a kilankishafuti. Njinga yogogoda chonchi musagule pa mtengo uliwonse. Pa ya mapisitoni anayi, ikalira kwa mphindi imodzi, donthezani madzi pang'ono pa paipi iliyonse ya ekizozi pafupi ndi injini. Onse anayi azilira "tswii" mofanana. Paipi imene madzi akungoyenderera osauma, pisitoni yake siikugwira ntchito. Isiyeni ikulira mpaka itenthe kuti mumve ngati fani ya radiyeta ikuyaka yokha, chifukwa m'njira zathu zoyenda pang'onopang'ono njinga yopanda fani imawira.

Makaniko ayeze batire ndi kamita kake ka magetsi. Injini itazima lisonyeze mavoti 12 ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ikamalira ataonjezera moto lifike cha m'ma 14. Likapanda kukwera, kapena likapyola 15, regulator kapena mawaya opangira magetsi ndi owonongeka. Njinga zikuluzikulu zambiri zilibe kiki, batire likafa mwaima pomwepo. Chotsani mpando muone mawaya. Akakhala odulidwadulidwa, olumikizidwa ndi tepi ndi mapepala a pulasitiki, mudzavutika nawo mvula iliyonse.

Kenako ziwalo zoyendera. Kokani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yakumbuyo. Chikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, chatha. Mano a sipuloketi osongoka ndi opindikira mbali imodzi athanso, ndipo tcheni ndi masipuloketi onse awiri zimasinthidwa pamodzi. Pukutani mafoloko akutsogolo, kanikizani chiwongolero kangapo mutagwira buleki, muone ngati pakutsala mzere wa oyilo. Nyamulani tayala lakutsogolo, mutembenuze chiwongolero pang'onopang'ono uku ndi uku. Chikamakodwa pakati, mabering'i a khosi atha. Gwedezani tayala lililonse cham'mbali kuti mumve ngati likugwedera. Pa khoma la tayala pali manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 2317 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2017. Tayala lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi limauma ndipo siligwira msewu ngakhale mizere ikuoneka.

Njinga zothamanga zambiri zinagwapo, ndipo mapulasitiki atsopano pa njinga yakale azikupatsani mafunso. Yang'anani nsonga za chiwongolero, za zogwirira buleki ndi kilatchi, ndi chivundikiro cha injini ngati zili zokhuluka. Pa khosi pali tizitsulo tiwiri toletsa chiwongolero kupyola malire. Tikakhala tothyoka kapena towotcheredwa, njingayo inagunda mwamphamvu. Imani chapatali kumbuyo kwake, wina ataigwira chilili, muone ngati matayala awiri ali pa mzere umodzi. Felemu ya aluminiyamu, imene njinga zothamanga zambiri zili nayo, ikang'aluka kapena kupindika siwotcheredwa bwino ndi makina wamba a pamsika. Njinga ya felemu yotero isiyeni.

Pomaliza ikwereni, kapena akwere makaniko ngati inu simunazolowere njinga yaikulu. Lowetsani magiya onse kukwera ndi kutsika. Pa giya yachiwiri onjezerani moto mwamphamvu. Ikatuluka yokha n'kubwerera ku nyutulo, kukonza kwake n'kong'amba injini yonse. Pa giya yapamwamba, injini ikamakuwa koma liwiro osaonjezereka, kilatchi ikuterera. Buleki isanjenjemere, njinga isakokere mbali imodzi. Mukabwera izimitseni, dikirani pang'ono, muilizenso ili yotentha, kenako yang'anani pansi ngati padontha kanthu.

Masipeya, mtengo ndi kulipira

Musalipire tsiku lomwelo. Lembani zonse zimene mwapeza kuti n'zofunika kusintha, muonjezerepo zimene zimatha nthawi zonse: matayala, tcheni ndi masipuloketi, mapadi a buleki, mapulagi, sefa, waya wa kilatchi. Pitani ndi pepalalo ku sitolo ya masipeya ku Ulónguè kapena ku Tete, mutchule mtundu ndi chaka cha njingayo, mufunse chimodzichimodzi ngati chilipo ndi mtengo wake. Wa m'sitolo akamayankha kuti "tiitanitsa ku Joni" pa zinthu zambiri, dziwani kuti njingayo izidzakhala m'nyumba milungu ingapo chifukwa cha kanthu kakang'ono, mwina nthawi yokolola yomwe mukuifunitsitsa. Funsaninso makaniko wanu mosapita m'mbali ngati anakonzapo njinga yotere, ndiponso ngati ali ndi zida zolinganizira makabureta anayi. Makaniko wabwino amavomera pamene nzeru zake zalekezera, ndipo ameneyo ndi woyenera kumusunga.

Phatikizani mtengo wa njinga, wa masipeya, wa makaniko, wosinthira dzina, wa seguro (inshuwalansi) ndi wa zipewa ziwiri zotetezera mutu. Imeneyo ndiyo ndalama imene ikutuluka m'nyumba mwanu, ndipo muiyerekeze ndi mtengo wa njinga yaing'ono yatsopano. Pepala lomwelo likuthandizaninso ponenerera, chifukwa simukungoti "tsitsaniko," mukuonetsa kuti tayala latha ndipo latsopano ndi meticais mwakuti. Ndalama ya feteleza ndi mbewu isakhudzidwe. Banja limene lagula njinga mu July n'kusowa feteleza mu November limagulitsa njinga yomweyo mu February pa mtengo wolira. Amene angathe kudikira amapeza mitengo yofewa m'miyezi ya mvula, pamene ogula achepa.

Musatumize ndalama kwa munthu amene wangokuonetsani zithunzi pa WhatsApp kapena Facebook, ngakhale ati ndi ya petulo yobweretsera njingayo. Lipirani tsiku limene mukulandira njinga, makiyi onse ndi mapepala enieni. Lembani kalata yogulitsirana, declaração de compra e venda, yotchula maina anu awiri ndi manambala a ziphaso zanu, nambala ya njinga, ya felemu, ya injini, mtengo ndi tsiku. Pakhale mboni za mbali zonse ziwiri, mfumu kapena mlembi wa dera adziwe, ndipo siginecha zikatsimikizidwe kwa notário. Kulipira kudzera ku banki, pa M-Pesa kapena pa e-Mola kumasiya umboni, ndipo kumakupulumutsani kuyenda ndi ndalama zambiri m'thumba. Mukatero musagone ndi kalatayo zaka. Yambani msanga zosintha dzina ku Conservatória wogulitsa akadapezeka, asanasamukire ku Joni kapena kumwalira.

Njinga ikafika pakhomo

Sabata yoyamba sinthani oyilo ndi sefa yake ngakhale wogulitsa analumbira kuti wasintha dzulo. Gulani oyilo wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA pa botolo, chifukwa pa njinga zambiri kilatchi imasamba mu oyilo yemweyo ndipo oyilo wina wa galimoto amaitereretsa. Tsukani kapena sinthani sefa ya mpweya, ndipo m'chilimwe cha fumbi muziiona pafupipafupi. Petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu muzisefa ndi kansalu koyera, ndipo pamene pali pampu thirani wa pa pampu. Tcheni chizitsukidwa ndi kupakidwa mafuta, makamaka mukayenda m'matope.

Layisensi ya A1 ndi ya njinga zofika 125 basi. Yoposa pamenepo imafuna layisensi ya A. Seguro ndi lamulo, chipewa ndi lamulonso kwa woyendetsa ndi wokwera kumbuyo yemwe, ndipo chizimangidwa pachibwano. Chipewa chakale chimene chinagwapo ndi munthu musalandire ngati basera, chifukwa chimasweka m'kati kunja kukuoneka bwino. Makolo, tikupemphani kuti pa nkhani iyi mulimbe mtima. Njinga ya 600 imafika liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi anayi okha, ndipo mnyamata amene waphunzira pa 125 dzanja lake silinazolowere mphamvu yotere. M'misewu yathu muli mbuzi, ng'ombe, ngolo zopanda nyali, ana a sukulu ndi nkhungu ya m'mawa imene imabisa munthu ali pafupi. Wovulala mutu kapena msana amafunika kutumizidwa ku chipatala cha Ulónguè kapena chachikulu cha ku Tete, ndipo kuchokera m'midzi ya ku Macanga umenewo ndi ulendo wa maola. Mnyamatayo ayambe waphunzira pa bwalo, masana, wopanda wokwera kumbuyo, ndipo kiyi asabwerekedwe kwa anzake kapena kwa aliyense amene walawa mowa.

Gulani kakope ka njinga. Muzilembamo tsiku ndi makilomita nthawi iliyonse mwasintha oyilo, tayala kapena tcheni, ndi ndalama zimene mwalipira, kuti banja lizidziwa chimene njingayo ikudya pa chaka, ndiponso kuti tsiku lodzaigulitsa mudzakhale ndi choonetsa wogula. Pa tsamba loyamba lembani nambala ya felemu ndi ya injini, ndipo mafotokope a livrete, título ndi kalata yogulira asungidwe m'nyumba pamodzi ndi ziphaso zina, kuti njinga itabedwa mukafike nawo ku polisi tsiku lomwelo.